Ndinakwecha silinda ya akamwini anga ngati poto

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, moni inu a kumpingo kwathu, moni inunso akutali amene mawuwa adzakupezeni. Ine ndine NaPhiri wa kuno kwa a Nthache, kuseri kwa Thambani. Sukulu ndinalekera panjira, cholembera chimandipulumuka m'manja, koma lero ndachigwira zolimba chifukwa mtima wanga ukuyimba. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga ndi mdzukulu wanga chifukwa cha manja angawa, manja otsuka mbale.

Mwana wanga wotsiriza, Esinati, anali woyembekezera kachiwiri. Mimba yoyamba ija khanda linatisiya panjira, tili pangolo ya ng'ombe, chipatala tisanachione n'komwe. Ulendo uno anamwino a kusikelo anamuuza kuti mwana wagona chopingasa, asayerekeze kuchirira pakhomo. Anati kwatsala masabata atatu, apite msanga kuchidikiro kuchipatala chachikulu ku boma.

Tonse tinkadalira njinga yamoto ya amuna ake, akamwini anga a Sitefano, imene amachitira kabaza. M'mudzi mwathu njinga yamoto ndi yomweyo basi, zina zonse ndi zakapalasa zonyamula makala. Linali dzinja, madzi atakokolola kamlatho kathu, galimoto iliyonse inkabwerera pomwepo. Njinga yokha ndiyo inkadutsa m'mbali. Ndiye sabata yomwe ankati anyamuke, njinga ija inayamba kufuka utsi ngati uvuni wa makala, pachitunda n'kumakana kukwera.

A Sitefano anamasula injini pakhonde, zitsulo n'kuziyala pathumba. Pali chitsulo china cholemera, chobooka pakati ngati kamtondo kopanda pansi, amati silinda. Anabwereka kwa mnzawo wa kumalire kachida ka timiyala titatu ndi makina okazungulitsa, anakhala tsiku lonse akupala mkati mwa silindamo. M'mawa mwake anapalasa njinga kukabweza chidacho ndi kukagula maring'i, timphete tija timatseka mphamvu m'kati mwa injini. Silinda anaisiya pampando ataifunditsa nsanza.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mpongozi ndi mkamwini sitikhalirana pafupi, sitiyang'anana m'maso, tikakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mawu athu onse amadzera mwa Esinati. Tsikulo Esinati anali atagona, msana ukumuwawa, ndipo sindinafune kumudzutsa. Ndikusesa pakhonde ndinavundukula nsanza ija. Ndinaona mkati muli mafuta, muli mizeremizere yodutsana ngati pamene nkhuku zapalasa. Mumtima ndinati, mwana wa eni wavutika tsiku lonse koma chitsulochi sichinayere, amuna kutsuka sadziwa. Ndimuthandize mwakachetechete, akabwera apeze chisangalalo.

Ndinatapa mchenga wa kumtsinje, ndinatapa phulusa, ndinatenga chitsononkho. Ndinakwecha, ndinakwecha, chokweza ndi chotsitsa, ndikuyimba nyimbo ya kwaya, mpaka mkatimo munawala kuti ngwee. Ndinachiyanika pathandala pamodzi ndi mapoto anga, ine ndikunyadira.

A Sitefano atafika madzulo anaima pathandala paja nthawi yaitali. Sanakalipe ayi, mkamwini sakalipira mpongozi. Anangokhala pansi, silinda pamwendo, chipewa n'kuvula. Kenako ndinawamva akuuza Esinati kuseri kwa nyumba:

"Uwauze amayi kuti zikomo. Koma mizere ija inali yadala, ndi imene imasunga oilo kuti maring'i agwire. Ndipo mchengawu ukatsalira, injini idzidya yokha tisanawoloke mtsinje."

Chida chija mwini wake anali atawoloka nacho malire kupita ku Zobue. Silinda yatsopano ankati mpaka ku Blantyre. Ine ndinangokhala pamphasa, manja awiriwa ndikuwayang'ana ngati a munthu wina.

Kutacha, mame asanaume, Esinati anandiitana ndi mawu aja amene mayi aliyense amawadziwa. Matenda anali atayamba. Masabata atatu aja anathera pomwepo. A Sitefano anathamangira pachulu pamene foni imagwira, kuimbira anzawo a kabaza. Wina anali kumalire ndi katundu wa eni, wina njinga inali itafa, wina foni inangolira yokha. Ndinaona anthu ayamba kunong'onezana za ngolo. Ngolo yomwe ija, ng'ombe zomwe zija, njira yomwe ija.

Ndinalowa m'munda wa chimanga, ndinagwada m'matope. Sindinapemphere mwaluso ayi. Ndinangoti, Ambuye, mchenga ndinatapa ndine, mwana ali m'mimbayo sanatape. Ngati pali chilango chigwere ine, nkhalamba yadya kale zaka zake. Ndinalira mokweza, osasamala kuti wina andimva.

Ndipo wina anandimvadi. Panjira ya m'mbali mwa munda pankadutsa a Zuze atasenza nsungwi. Awa ndi madala amene anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, osabwereranso. Maso awo anachita chidima, amayenda ndi ndodo, tonse timawadziwa ngati oluka malichero basi. Zaka zonsezi palibe anawafunsapo kuti kwawo ankagwira ntchito yanji. Anandifunsa chimene ndinkalirira. Ndili pakati pofotokoza, misozi ndi mamina, iwo anatula nsungwi pansi n'kuti ndiwatsogolere kuli chitsulocho. Kodi si munthu amene paunyamata wake ankakonza injini za malole ku Tete?

Anakhala pakhonde, anapisa chala m'silinda muja, akuyendetsa chikhadabo pang'onopang'ono, nkhope atalozetsa kumwamba. Kenako anauza a Sitefano alowetse ring'i imodzi mkatimo, ayese mpata wake ndi lezala, awauze mmene likulowera.

"Amayi, pukutani misozi," anatero a Zuze. "Chitsulo n'cholimba kuposa dzanja la nkhalamba. Mwachikanda, simunachidye. Chikadali chamoyo."

Anadula nsungwi imodzi, anaing'amba kunsonga, anakulungapo nsanza, pamwamba pake sandipepa wosalala amene a Sitefano anali naye m'bokosi, mpaka inkalowa mothina. Anathira parafini wosakaniza ndi oilo. Anagwira manja a a Sitefano ndi manja awo n'kumawayendetsa.

"Usazungulize malo amodzi, usakokenso chowongoka ngati apongozi akowa. Potoza ukulowa, potoza ukutuluka, mizere idutsane ngati maluko a lichero. Divagari, mwana wanga, pang'onopang'ono."

Pang'onopang'ono, pamene m'nyumba mwana wanga akubuula. Ndinkathamangira mkati kukamusisita msana, ndinkathamangira panja kukaona nsungwi ikulowa, ikutuluka. Thukuta la a Sitefano linkagwera m'silinda momwemo. A Zuze ankapisa chala, n'kupukusa mutu, n'kuti bwerezanso. Kubuula kumachuluka, iwo akuti bwerezanso. Ndinafuna kukuwa kuti basi zakwana, koma nditsegule pakamwa ine amene ndinayambitsa zonsezi?

Pomaliza a Zuze anagwedeza mutu. Anati tsopano yatsala ntchito ya amayi, madzi otentha ndi sopo, mchenga usayandikire. Anati tipukute ndi nsalu yoyera, ikatuluka ndi kadontho kakuda titsukenso, chifukwa kamchenga kamodzi n'kokwanira kupha injini. Nsalu yoyera pakhomo panga inali imodzi, duku langa la kumpingo. Ndinalitulutsa m'sutikesi osaganiza kawiri. Koyamba linatuluka lotuwa. Kachiwiri lotuwa. Kachitatu lotuwabe, madzi akundiwotcha. Kachinayi ndinapukuta ndi ngodya imene inatsala, inatuluka yoyera kuti mbee.

Dzuwa lili pamutu a Sitefano anali atamanga zonse. Anaponda koyamba, zii. Kachiwiri, zii. Ine ndinatembenukira kukhoma, sindikanatha kuyang'ana. Anaponda, anaponda, njinga inatsokomola, kenako inalira. Utsi unatuluka pang'ono n'kutha. A Zuze anatchera khutu nthawi ndithu, n'kuti tipite, koma a Sitefano asaithamangitse, maring'i sanakhazikike, akaikakamiza itifera panjira.

Tinakwera atatu, a Sitefano kutsogolo, Esinati pakati, ine kumbuyo. Manja anga anazungulira mwana wanga mpaka kukagwira malaya a akamwini anga, ndipo palibe anachita manyazi. Tinawoloka mtsinje madzi akufika m'mapazi. Pachitunda chilichonse injini ikasintha mawu, makutu anga ankamva mchenga ukukukuta mkati. Esinati mutu unkagwera paphewa langa, ine ndikumuitana dzina kuti asagone. Tinadutsa pamtengo wa mkuyu pamene khanda loyamba lija linatisiyira, ndinatsinzina, ndinangoti Yesu, Yesu, Yesu, mpaka tinaupitirira. Njinga sinazime. Inayenda ngati nkhalamba, koma sinazime.

Titafika kuchipatala anamwino anamulandira Esinati ndi machira pakhomo pomwe, n'kumulowetsa kuopareshoni. Ine ndinakhala pansi pakhonde, a Sitefano chapatali. Dzuwa likupendeka anamwino anatuluka n'kufunsa kuti agogo ake ndi ati. Mwana wamkazi, wamoyo, akulira ndi mphamvu, mayi akenso ali bwino. Ndinavina pakhonde la chipatala, ndinavina ndi matope anga m'maondo, ndinaimba mpaka odikirira odwala anzanga anayamba kundiyankha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga luso m'zala za munthu wosaona, zaka zonsezi, kudikira tsiku langa. Ndikuthokoza a Zuze. Ndikuthokoza akamwini anga, amene mpaka lero sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Inu amene mavuto munadziitanira nokha, mwina ndi mtima wabwino ngati ine, musathawe pamaso pa Ambuye chifukwa cha manyazi. Gwadani pomwepo m'matope, lirani mokweza, simukudziwa amene akudutsa panjira.

Mchombo utagwa, a Sitefano anatuma Esinati kudzandiuza kuti dzina la mwana nditchule ndine. Ine amene, ine wolakwa uja. Ndinamunyamula, ndinamuyang'ana, ndinati uyu ndi Tafika. Pano ali kumsana kwangaku, akupuma pakhosi panga pamene ndikulemba.

Ambuye akusungeni nonse m'njira zanu, mpaka nanunso mufike. Ameni.