Mipando ya Amayi mu Basi ya Mayi Barraza

A mphunzitsi wamkulu, bambo Zamarripa, a komiti ya makolo, a banja la Barraza, anzanga nonse. Tasonkhana kudzatsanzikana ndi mlangizi wa ophunzira, Mayi Ofelia Barraza, komanso kudzamva ngati ulendo wawo wopita ndi atsikana ndi amayi awo kukaona yunivesite upitirire iwo atachoka.

Ine ndimasunga mbiri ya ophunzira pasukulu pano, ndipo sindiiwala. Chaka choyamba, Mayi Barraza, munanyamula atsikana okhaokha kupita nawo ku San Antonio. Ambiri anapatsidwa malo payunivesite ya kumeneko. Wopita? Ngakhale mmodzi. Munalowa muofesi mwanga thukuta lili kamukamu: "Bambo inu, mwataya makalata a ana anga?" Ine, kutaya kalata!

Tinakafunsa Doña Eulalia, amayi ake a Marisela, mmodzi wa atsikanawo. Anatiyankha akutembenuza tortiya, mkate wopyapyala wa ufa wa chimanga, pachiwaya: "Aphunzitsi, kwathu kuno mtsikana sagona m'nyumba imene amake sanaione. Mwandiyesa ndani?"

Chaka chotsatira basi inadzaza amayi. Ndinakwera nawo, osati potumidwa, koma kufuna kudziwa kuti akafunsa chiyani. Atsikana ankafunsa za maphunziro. Amayi ankagwedeza maloko a zitseko, kudinikiza matiresi, kufunsa kumene kuli tchalitchi. Doña Eulalia analawa tortiya ya kukantini, n'kuibweza pambale. "Ichi n'chikatoni. Mwana wanga adzauma kuno." Mumtima ndinati basi, zathera pomwepa. Koma pobwerera, Mayi Barraza, munakhala nawo kumbuyo kwa basi, mukunong'onezana njira yonse. Mu Ogasiti Marisela ananyamuka, amake akumuperekeza, chiwaya chili m'khwapa. Lero ndi namwino.

Munawauza chiyani kumbuyoko? Ndakufunsani zaka zonsezi, inu kumangondipatsa siwiti. Tsono mukupita nalo yankho.

Zikomo, mayi. Atsikana amene kwawo kunalibe woponda pakoleji munawalowetsa, osawalanda m'manja mwa amayi awo.

Akuluakulu a maphunziro m'boma lino anafuna kuchotsa mipando ya amayi m'basi, ati mwini ulendo akupuma. Dzulo komiti inakhala pansi. Yagamula kuti mipandoyo ikhalepo, ndipo ulendo wa chaka chino autsogolere Doña Eulalia. Avomereza ndi bambo Zamarripa, makolo onse a m'komiti, ndi Doña Eulalia eni ake, bola chakudya akanyamule okha.

Kapumeni bwino, Mayi Barraza. Tiyeni tonse tiimirire, tiwaombere m'manja!