A Douwe Miedema Asowa Kokaona Nyama

Lachinayi m'mawa

Tcherani khutu, nazi zilengezo zanu pa wailesi ino. Mayi Aukje Miedema a ku Koudum akudziwitsa abale onse a ku Balk, ku Workum ndi ku Sloten kuti Loweruka likubwerali, pa 14 Juni, banja lonse likupita kumalo aakulu osungirako nyama, kumene bambo awo, a Douwe Miedema, anasamalira njovu zaka makumi atatu. Ulendowu ndi wowasangalatsa madalawo asanasamukire kunyumba ya okalamba Lolemba. Basi idzanyamukira patchalitchi 8 koloko, ndipo siidzadikira munthu. Aliyense atenge buledi, tchizi ndi jasi lamvula. Mayiwa akuti, "Amalume a Siebren, galu wanu atsale. Musadzati sitinanene." Chilengezochi chachokera kwa mayi Aukje, mwana woyamba wa a Douwe.

Loweruka, 5 koloko madzulo

Mayi Aukje Miedema akupempha aliyense amene waona bambo awo, a Douwe, a zaka 81, kuti adziwitse a pageti la malo osungirako nyama. Ndi aatali, avala chipewa chabuluu, amayenda ndi ndodo, ndipo khutu lakumanzere silimva. Asowa cha m'ma 2 koloko. Anauza adzukulu awo kuti, "Pitani mukaone anyani, mwina mukapezako abale anu. Ine ndipume pabenchipa." Pobwerera, anthu anangopeza buledi wolumidwa kamodzi. Ayang'ana kodyera, kuzimbudzi, koimika mabasi ndi kumpanda wa njovu, koma osawapeza. Mankhwala awo a mtima ali m'chikwama cha mayi Aukje, ndipo ayenera kumwa 6 koloko. Mayiwa akuti, "Ababa, ngati mukumva, sindinakwiye. Ingotulukani." Chilengezochi chachokera kwa mayi Aukje, amene aima pageti ndipo akukana kukhala pansi.

Loweruka lomwelo, 6 koloko itangodutsa

Ogwira ntchito kumalo osungirako nyama akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti a Douwe apezeka ali bwinobwino, ndipo mankhwala amwa. Analowera kuseri m'khola la njovu pamene antchito onse anali kunja kuwafunafuna. M'kholamo munali Dientje, njovu yokalamba imene inakana chakudya masiku anayi chifere inzake. Madalawo anapezeka atakhala pandowa yovundikira, akuipatsa makaloti limodzilimodzi, iyo itatulutsa chitamba pakati pa zitsulo n'kuchisanjika paphewa pawo. Atafunsidwa kuti, "Kodi agogo, mwalowa bwanji muno?" anayankha kuti, "Mwana iwe, chitseko chimenechi ndinachikhoma ndine, iwe usanabadwe. Lankhula pang'onopang'ono, mnzangayu akudya." Dientje wamaliza ndowa ziwiri. Chilengezochi chachokera kwa mayi Hilde Brinkman, oyang'anira njovu.

Lolemba m'mawa

A Douwe Miedema a ku Koudum akudziwitsa abale onse kuti iwo sanasowe, chifukwa ankadziwa kumene anali. Akudziwitsanso amene analonjeza kudzanyamula katundu lero kuti asavutike, kusamuka kuja kwaima. Akuti mwana wawo Aukje atawaona m'khola muja anawakumbatira akulira, kenako anawakalipira m'basi njira yonse, iwo atamutcherera khutu lakumanzere. Dzulo mwanayo anabwera mwakachetechete, namasula yekha makatoni onse, n'kubwezera makapu m'kabati. Agwirizana kuti madalawa akhalabe m'nyumba mwawo, ndipo Lachiwiri lililonse Aukje aziwaperekeza kwa Dientje, polowera pageti ngati anthu ena. Amene ali ndi makaloti otsala awasiye pakhomo pawo, nyumba yachitatu kuchokera pamlatho. Akuti, "Mwana ameneyu ndi wovuta ngati malemu mayi ake, n'chifukwa chake ndimamumvera." Chilengezochi chachokera kwa a Douwe eni ake, koma pansi pa kalatayi pali mawu ena, olembedwa ndi dzanja la mayi Aukje: "Mpaka nyengo yozizira basi, ababa. Kenako tidzakambirananso."