Zenera Limene Ndinkatseka

Zikomo aulutsi pondiwerengera nkhaniyi. Ndine mayi wa ku Lobi, ndimalima nyemba ndi chimanga.

Amuna anga anagwira ntchito zaka zambiri pansi pa mgodi wa golide ku Joni. Ankandiuza kuti pansipo pamatentha ngati mu uvuni, moti ankavula masiki kuti apumeko bwino, fumbi la miyala n'kumangolowa.

Atabwerera kumudzi, anayamba kutsokomola. Tonse tinati n'chisanu cha kuno ku Dedza, poti thupi linazolowera kutentha. Ine ndinkawasonkhera mbaula m'chipinda, n'kutseka zenera, m'mipata n'kutsekamo ndi nsanza.

"Mayi, tatsegulaniko pang'ono, mpweya ukundichepera," ankatero.

"Ayi bambo, mphepoyi ndi imene ikukudwalitsani," ndinkayankha uku ndikuwafunditsa bulangete lina.

Atayamba kulephera kukwera kamtunda kopita kutchalitchi, m'pamene tinapita kuchipatala. Atawajambula, adokotala anati fumbi lija linaumitsa mapapo, ndipo mankhwala olichotsa palibe. Nditatchula za mbaula, anagwira pakamwa. Anati utsiwo unkangowonjezera vutolo.

Amuna anga anatisiya chaka chatha, nyemba tisanazule. Ndikudziwa kuti unawapha ndi mgodi, koma mtima sundikhala pansi. Munthu ankapempha mpweya, ine n'kumawapatsa utsi, ndikuyesa ndikuwasamala.

Amayi anzanga, bambo ochokera kumgodi akamatsokomola, musanamizire chisanu, thamangani nawo kuchipatala. Ine mpaka lero, kaya kuzizire chotani mwezi wa Juni, ndimagona zenera lija lili chitsegulire.