Mzere Wokhota wa Mayi Esnath Goliati

Malemu Mayi Esnath Goliati, aNangozo, anabadwa pa 9 Juni 1969 kuno kwa Mlangeni. Ine ndikuwerengane ndine Eliya, mlongo wawo.

Anayamba sukulu mu 1976, ndipo anamaliza Folomu 4 mu 1988, masamu atakhoza kuposa anyamata onse a m'kalasi mwawo. Mu 1991 anamanga banja ndi Bambo Fabiano Sandalamu.

Mu 1995 analembedwa ntchito ndi bungwe lina loona za ana, lomwe dzina lake sinditchula pamaliro pano. Mwezi ndi mwezi ankapalasa njinga m'midzi ya ku Kandeu, kupachika sikelo pamtengo, kuyeza ana 412 ndi kulemba kulemera kwawo m'makope. Mu 1998 anapita ku Zomba kukaphunzira masamu a kafukufuku.

Atabwerako anayamba kuika manambala aja papepala ngati timadontho. Anaona kuti mwana sakula motsata mzere wowongoka. Amakwera msanga miyezi yoyamba, kenako amachedwa, ndipo chaka chilichonse amatsikako kuyambira Januwale mpaka chimanga chitacha. Zaka ziwiri analimbana ndi masamu mpaka anapeza mzere wokhota wodutsa pafupi ndi timadontho tonse. Ndi mzere umenewo ankadziwa mwana amene wayamba kubwerera m'mbuyo mayi ake asanaone kanthu.

Mu Okutobala 2001 anaona kuti ana a m'midzi isanu ndi umodzi atsika pansi pa mzere, nthawi yake isanakwane. Analembera akuluakulu awo kuti kukubwera njala yoopsa, phala liyambe msanga. Akuluakuluwo anayankha kuti lipoti lopita kunja likufuna mzere wowongoka woonetsa kuti ana akukula, choncho midzi imeneyo ifufutidwe. Malemu anati, "Kadontho kalikonse ndi mwana wa munthu, ndipo ndikumudziwa dzina. Sindifufuta."

Pa 14 Disembala 2001 anachotsedwa ntchito, akuti chifukwa cha mwano. Makope awo onse analandidwa. Pofika Epulo 2002, ana 37 mwa ana aja anali ataikidwa m'manda. Alongo angawa anayenda maliro ambiri mwa amenewo wapansi, poti ndi njinga yomwe anali atalandidwa.

Mu 2005 bungwe lija linatulutsa buku. Mzere wa malemu unali momwemo, osasintha n'pang'ono pomwe. Pachikuto panali mayina anayi a anthu amene sanapachikepo sikelo pamtengo. Dzina la Esnath Goliati munalibe. Malemu analembera bungwelo makalata atatu, osayankhidwa ndi imodzi yomwe. Kuyambira pamenepo ankalima mbatatesi kuno kumudzi.

Anayamba kudwala mu Ogasiti 2018, ndipo madokotala anapeza khansa itafalikira kale. Lolemba lililonse ankakwera pasikelo n'kuika kadontho kuseri kwa kalendala. Mu Januwale anatiitana, natiuza kuti, "Musagulitsenso mbuzi chifukwa cha ine. Pasaka sindifika." Tinawatsutsa, koma apanso sanalakwitse. Anatisiya Lachinayi pa 14 Malichi 2019, ali ndi zaka 49.

M'mawa uno bungwe lija latumiza nkhata ya maluwa, ndi uthenga wowatchula kuti "wothandizira pa sikelo". Akubanja tagwirizana kuti nkhatayo isafike kumanda. Ili kumsewu uko, eni ake adzaitenge.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Sandalamu, ana atatu, Christobel, Nicholas ndi Thandi, komanso zidzukulu zinayi.

Tikuthokoza mafumu, abusa, amayi a mvano amene anasinthana posamalira matendawa, adzukulu, ndi anamwino a kuchipatala cha Sharpevale. Mwapadera tikuthokoza inu amayi a ku Kandeu, amene mwabwera wapansi, ena mutanyamula makadi akale a sikelo olembedwa ndi dzanja lawo.

ANangozo, munanena zoona, anthu sanafune kumva. Pumulani tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere.