Kufulasha Kamera pa Golomoti

Mawa lake kunali ukwati wa Sabina ku Mua, koma kamera yakale ya bambo ake, a Kaliati, wojambula zithunzi wa pa Golomoti, inkakana memore khadi yatsopano. Atathamangira kwa Mayeso wokonza mafoni, anapeza pampando pali bambo a Mayesoyo, a Lameki, mlimi wa mpunga, amenenso ndi alamu awo.

"Alamu, Mayeso ali kuti?" anafunsa a Kaliati akupuma wefuwefu.

"Wapita ku Salima. Wati tintchito ting'onoting'ono ndizigwira ndine."

"Iyi si yaing'ono. Khadi yakale inathyoka, yatsopanoyi kamera ikuikana. Mayeso anati pulogalamu ya m'kati mwake yakalamba, ikufunika kufulasha."

"Kufulasha basi? Aa, zimenezo ndimatha. Mayi a Mayeso ndimawafulasha tsiku lililonse ndili kudimba." A Lameki anasolola foni m'thumba. "Nambala yake?"

"Ya ndani?"

"Ya kamerayo."

"Kamera ilibe nambala!"

"Nanga ndiifulasha bwanji?"

"Si kufulasha kumeneko, alamu. Kulipo kwina."

A Lameki anatola kamera ija, anailozetsa kumaso kwa a Kaliati n'kudina batani. Ng'ani!

"Mayo, maso anga!"

"Yafulasha. Mwaona? Ilibe vuto."

"Si kumenekonso!"

"Kodi kufulasha kulipo kungati?"

"Kutatu! Kwachitatuku n'kochotsa nzeru zakale n'kulowetsamo zatsopano."

A Lameki anasuzumira pansi pa tebulo. "Zakalezo tizikhuthulira muti? Pano pali beseni lokha, ndipo muli matemba."

"Sizikhuthulidwa! Ine sindichoka pano kamerayi isanafulashidwe."

"Dikirani." A Lameki anaitembenuza chagada. "Alamu, mumanamiranji? Nambala si iyi apa pamimba? Ikuyambanso ndi ziro."

"Imeneyo ndi ya kufakitale."

"Ndiye bwino, tiwafulasha kwawo konko."

Anadina manambalawo limodzi limodzi, lilime lili panja. Foni italira kamodzi, anadula n'kuiika patebulo. Posakhalitsa foni ija inayamba kunjenjemera patebulo.

"Yaimba!" anakuwa a Lameki, n'kukweza mawu a foniyo.

"Ndani akundifulasha?" anatero mawu a mzimayi. "Mulibe mayunitsi?"

A Lameki anavula chipewa. "Pepani, mayi. Tili pano ndi abwana anu."

"Ine ndilibe bwana!"

"Mwamva, alamu? N'chifukwa chake ikukana khadi."

"Dulani! Ameneyo ndi munthu wamba," anatero a Kaliati.

"Amuna nonse ndinu amodzimodzi," anapitiriza mayi uja. "Mumandikumbuka mukafuna kanthu. Mukathana nane, basi kundiponya pakona, fumbi lokhalokha."

A Kaliati anayang'ana kamera, kenako anayang'ana pansi. Kunyumba kwawo inkagonadi pakona, pamwamba pa thumba la gaga.

"Kodi..." anatsitsa mawu. "Ukadali ndi mkwiyo wa mvula ija ya pa Mtakataka? Paja ndinakupukuta ndi shati yanga."

"Inu? Simunandipukutepo ine!"

"Chabwino, sindinapukute tsiku lomwelo. Koma ndinakuyanika padzuwa."

"Kundiyanika? Ndine usipa ine?"

"Alamu," ananong'oneza a Lameki, "bwanji mukuiyankhula ngati mwana? Imeneyi ndi yaikulu."

A Kaliati nawo anavula chipewa, n'kuweramira kamera ija. "Pepani, mayi. Zaka zonsezi sindimadziwa kuti ndinu amayi. Sindikanamasamba mukuona."

"Ha! Ndikuyankhula ndi wamisala kodi?"

Pomwepo m'fonimo munamveka mbuzi. Meee!

A Lameki anakwinya nkhope. "Alamu, kukulira mbuzi uko. Kamera imaweta mbuzi?"

"Ndinajambula mbuzi chaka chatha. Ili m'katimo."

"Nanga tambalayo?"

"Anali kumbuyo kwa mbuziyo. Khalani chete!" A Kaliati anawomba m'manja mwaulemu. "Mayi, ndapota nanu. Mawa lokha. Mwana wanga Sabina akukwatiwa. Ine ndajambula ana a eni kuyambira Golomoti mpaka Mtakataka, wanga yekha atsale wopanda chithunzi?"

"Ukwati?" Mawu aja anafewa. "Uli kuti?"

"Ku Mua, m'mawa."

"Kudzakhala mpunga?"

"Wanga," anayankha a Lameki asanaganize. "Wonunkhira."

"Basi ndibwera. Ndi ana anga onse."

A Lameki anatseka foni ndi chikhatho. "Alamu, apa ndiye ayi. Kamera ili ndi ana?"

"Mafoni onsewa mukuyesa anachokera kuti?"

"Ine ndikuti ameneyu ndi munthu. Tamverani, kondakitala akuitanira anthu a ku Salima kumbuyoko."

"Si inu munati yaimba?"

"Ndinati yaimba. Sindinati idya mpunga wanga."

A Kaliati anakankha dzanja la alamu awo. "Ndiye mwavomera, mayi? Khadi ija muilandira?"

"Khadi musavutike nayo, ine ukwati ndimalowa wopanda khadi. Chachikulu mupeze wojambula weniweni, ndidzavala chitenje chatsopano. Osati mdala wa pa Golomoti uja, amene amadula anthu mitu. Chithunzi chilichonse, anthu amathera m'khosi!"

Foni inaduka.

A Kaliati anakhala pansi pang'onopang'ono, mphepete mwa beseni la matemba.

"Musadandaule, alamu," anatero a Lameki. "Ameneyu ndi mayi wina wake basi. Dikirani Mayeso, adzaifulasha kufulasha kwachitatu kuja."

"Asaikhudze!" A Kaliati anafungatira kamera ija pachifuwa. "Mayiwa nzeru zawo zili bwinobwino, anaona zonse ndi diso lawo. Wofunika kufulasha ndine."