Dzanja la Ababa pa Intaneti

— Halo?

— Halo, ababa. Ndine.

— Ndiwe ndani? Ana ndili nawo ambiri.

— Aa, ababa! Chitsiriza wanu.

— Oo, wamakompyuta uja. Wadzuka bwanji?

— Ndadzuka bwino, kaya inu?

— Tadzuka. Msana wokhawu, koma umenewo ndi mnzanga wakale.

— Amayi ali bwanji?

— Ali bwino, apita kumsika.

— Nanga achimwene? Mwana wawo chifuwa chija chinasiya?

— Chikusiya. Kumeneko kuli bwanji? Ukudya koma?

— Ndikudya. Phokoso limenelo n'chiyani? Sindikukumvani bwino.

— Ndi makina, ndimacheka matabwa. Dikira ndizimitse... Eya, lankhula.

— Ndisachedwe, mayunitsi ndi ochepa.

— Iwe mayunitsi ako sanachulukepo chibadwire. Kosi ikuyenda?

— Ikuyenda. Sabata ino tikuphunzira kuika batani patsamba la pa intaneti, loti munthu akadina, foni yanu izilira pompo.

— Ndiye kuti ine ndizingokhala pampando, makasitomala azidzigwera okha?

— Ababa, linki ya tsamba la shopu yanu ija munaitsegula?

— Halo? Netiweki kunoko ikuvuta...

— Netiweki ili bwinobwino. Amayi andiuza kuti munatsegula, munayang'ana nthawi yaitali, n'kuika foni m'thumba.

— Amayi ako pakamwa pawo sipatsekeka.

— Simunalikonde?

— Ndi lokongola, ndisaname. Dzina la shopu lili pamwamba, mipando ikuwala ngati ndapaka vanishi kawiri. Pa chithunzi utuchi wonse unasesa, chinthu chimene pakhomo pano sunachitepo. Ndowa yobooka ija inapita kuti?

— Ndinaifufuta. Aphunzitsi amati chilichonse chosokoneza maso tizichotsa, munthu aone katundu yekha.

— Chosokoneza maso.

— Ee.

— Ndamva. Nanga zala ziwiri zija unazitenga kuti?... Halo? Wakomoka?

— Ndilipo.

— Pa chithunzi chija ndagwira mpando ndi dzanja lamanja. Ndinawerenga: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Ndinapukuta magalasi n'kuwerenganso. Madokotala analephera, iwe kosi sinathe n'komwe wandimeretsa zala.

— Ndinakopera za dzanja lanu lamanzere, n'kuzitembenuza. Tsiku limenelo tinkaphunzira kudula kachidutswa ka chithunzi n'kukamata pena. Anzanga ankachotsa ziphuphu pankhope zawo, ine...

— Iwe n'kuona dzanja langa.

— Ndinkangofuna kuyesa ngati ndingathe. Zitatheka ndinasangalala, aphunzitsi mpaka anaonetsa kalasi yonse. Sindinaganize, ababa.

— Anakuombera m'manja?

— Musatero, chonde. Mtima ukundipweteka kale.

— Ndikungofunsa. Ntchito unaigwira bwino, ndi chikhadabo chomwe chilipo.

— Ababa...

— Dzulo kunabwera mayi wina, foni ili m'manja, akufuna kabati ngati ya patsamba lakolo. Ukuona, tsamba likugwira ntchito. Ine ndikutambasula tepi kuti timvane za kukula kwake, iye maso pa dzanja langa, kenako pa foni, kenako pa dzanja. Akuti, “Pepani bambo, ngoziyi yachitika liti? Muthabe kupanga kabati ngati iyi?”

— Mayo ine!

— Ndinati, mayi, kabati mukuionayo inapangidwa ndi zala zitatu zomwezi. Zinazo makina anazidya kale, mwana wanga wotsiriza asanabadwe.

— Ndiye anati chiyani?

— Anati akaganize kaye.

— Ndakuthamangitsirani kasitomala.

— Kabati si nkhani. Makasitomala amabwera, amapita. Kungoti chiyambire ntchito imeneyi palibe anandifunsapo ngati ndingathe. Anthu amaona dzanja, amaona mipando, basi nkhani yatha.

— Ndichichotsa lero lomwe chithunzicho. Ndikangofika pakompyuta.

— Usachotse. Ingobwezerapo chenicheni chija.

— Palibe.

— Chapita kuti?

— Ndinaseva pamwamba pake. Aphunzitsi ankanena ndithu kuti choyambirira tizisunga padera tisanachikhudze, ine ndi chisangalalo ndinaiwala.

— Nanga m'foni mwako? Si unajambulira momwemo?

— Ndinafufuta nditachiika pakompyuta. M'foni munadzaza.

— Ndiye kuti kumeneko kwatsala bambo wa zala zisanu yekhayo.

— Ndibwera Loweruka ndidzakujambuleninso. Sindidzakhudza kanthu. Utuchi ukhalepo, ndowa ikhalepo...

— Ndowayo isiye kunja, imeneyo inde imachititsa manyazi.

— Ababa, kodi mukuganiza kuti ine ndimachita manyazi ndi...

— Sindikuganiza kanthu. Ndangokumbuka uli wamng'ono, ndikukuperekeza kusukulu ya mkaka. Powoloka msewu ndikakupatsa dzanja lamanzere unkakana, unkati ndi lalikulu, silikwana m'manja mwako. Unkazungulira kumbuyo kwanga kudzagwira lomweli. Unkati limeneli ndi saizi yako.

— Ndikukumbuka.

— Amayi ako ankaseka, ine ndinkayenda monyada ngati ndavala wotchi yatsopano.

— Ndikukumbuka, ababa. Musapitirize, ndilira pamaso pa anthu.

— Ndiye chitsegulireni linki ija ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi dzanjali linayamba liti kukusokoneza maso.

— Ayi! Si choncho ayi! Iii, foni ikulira, mayunitsi akutha. Tamverani, chonde, musadule. Ndalakwa, ndalakwa kwambiri, koma ine dzanja lanulo sindina...

— Sunatani? Halo? Ndikumvetsera, mwanangu. Halo?