Khomo Lapansi pa Laputopu

Pamzere wa kwa wokonza makompyuta, bambo wina wachikulire anayatsa laputopu n'kuonetsa mtsikana amene anaima kumbuyo kwake.

"Taona, mwananga, ikayaka imandionetsa makomo awiri n'kundifunsa khomo loti ndilowere. Lapamwambali limayenda bwino, koma lapansili limangozimazima. Ndikufuna alifufute."

"Musatero, bambo! Lapansili ndi sisitimu yatsopano yoyendetsera kompyuta, oipanga sanaimalize. Anthu amaiyesa pambali pa yakaleyo, ikavuta amauza oipanga kuti akonze. Anaikamo ndani?"

"Malemu mwana wanga. Ndinkamukalipira kuti akuwononga makina."

"Ayi, bambo, ankagwa dala m'maenje kuti enafe tisadzagwemo."

"Enanu ndani? Dziko lonse?"

"Lonse, bambo."

Bamboyo anatseka laputopuyo pang'onopang'ono n'kuifungatira pachifuwa.

"Dutsa, mwananga. Yangayi sinawonongeke."